Tifunseni za Nyimbo: Mawu a Wina, Nkhope ya Wina

Makalata a mwezi uno ndawasankha dala. Atatu akukhudza mayi mmodzi amene ambiri a inu munavinapo mawu ake osamudziwa dzina. Yachinayi yachokera kwa mtsikana wa konkuno kwathu, ndipo ndiyo yandisowetsa tulo.

FUNSO: Malume, tatsutsana kuno kometera mpaka makasitomala kulowererapo. Nyimbo yakale ija ya Pump Up the Jam, ine ndikuti anaimba ndi mayi wa milomo yopaka buluu uja wa muvidiyo. Mnzanga akuti mawu aja ndi a mnyamata wa ku America. Tabetcherana Fanta ziwiri. Tiweruzeni.
Wometa tsitsi, Ndirande

YANKHO: Achimwene, Fanta zanuzo aliyense amwe yake, chifukwa nonse mwaphonya. Koma musachite nazo manyazi. Dziko lonse linaphonya chimodzimodzi, ndipo panali anthu amene anakonza dala kuti liphonye.

Amene anaimba ndi Ya Kid K, dzina lake lenileni Manuela Kamosi. Ndi mkazi, ndipo ndi mwana wa muno mu Africa. Anabadwira ku Kinshasa, ku Congo, mu 1972, dziko lija likutchedwa Zaire, Mobutu ali pampando. Ali ndi zaka 11 anasamukira ku Belgium, kenako anakakhalako ku America, mumzinda wa Chicago, kumene anazolowera rap komanso house, nyimbo zimene nthawi imeneyo zinali zikungotumphuka kumene m'malo ovinira a mumzindawo. Chingerezi chake chija, chimene chapusitsa mnzanuyo, anachitola kumeneko. Atabwerera ku Belgium anathandiza kuyambitsa kagulu ka achinyamata a hip hop kotchedwa Fresh Beat Productions.

Ndiye panali bambo wina wa ku Belgium komweko, wokonza nyimbo, dzina lake Jo Bogaert. Iyeyu anali ndi makina ndi biti, koma analibe mawu oti akhale pamwamba pake. Manuela analemba mawu, nalowa mu situdiyo, naimba. Nyimboyo inatuluka mu 1989 pansi pa dzina la Technotronic, mtsikanayo ali ndi zaka 17 zokha. Taganizirani, msinkhu wa mwana wa Folomu 3 kapena 4.

Itatuluka, pachikuto panalembedwa kuti Technotronic featuring Felly. Felly Kilingi anali mtsikana woonetsa zovala, nayenso wochokera ku Congo. Ndiye wa milomo yabuluu uja. Muvidiyo ankangoyendetsa milomo kutsatira mawu a mnzake. Palibe liwu lake ngakhale limodzi m'nyimbo imene ija.

Nyimboyo inakwera mpaka pa nambala 2 pa mndandanda wa nyimbo zotchuka ku Britain chakumapeto kwa 1989, ndipo ku America inafikanso pa nambala 2 kumayambiriro kwa 1990. Chimene chimandikhudza ndikamaganizira chaka chimenecho ndi ichi: nyimbo imene inaitsekereza ku Britain, Ride on Time ya gulu la Black Box la ku Italy, inalinso ndi nthenda yomweyo. Mawu amphamvu aja anawadula m'nyimbo ya 1980 ya Loleatta Holloway, koma pa kanema pankaonekera mtsikana wina woonetsa zovala, Katrin Quinol. Nyimbo ziwiri zapamwamba m'dziko lonse la Britain, zonse mawu a amayi akuda, zonse nkhope zobwereka.

Ine nkhaniyi sindinaiwerenge m'buku, ndinalowamo ndi miyendo yonse. Mu 1990 ndinali wonyamula masipika a disiko ya achimwene anga aakulu ku Limbe, ndipo iwo akatopa ankandisiyira maikolofoni. Tinali ndi madeki awiri a makaseti. Kuti nyimbo iyambe pamalo pake, ndinkalowetsa cholembera cha Bic pabowo la kaseti, n'kumapukusa pang'onopang'ono mpaka kufika pamene ndinaika kadontho ka inki. Kaseti ya Technotronic inabwera ndi msuweni wathu kuchokera ku Harare, yojambulitsa, chikuto chake chili fotokope yakuda ndi yoyera. Pa fotokopeyo panali nkhope ya Felly ndi dzina lake. Ndiye kwa chaka chathunthu, m'maukwati ndi m'maholo a sukulu, biti ija ikangogunda, ine ndinkakuwa pa maikolofoni kuti, "Felly ameneyo! Dzukani nonse!" Anthu mazanamazana anaphunzira dzina lolakwika kuchokera pakamwa panga. Mpaka lero ndikakumbukira, mtima umandiwawa, chifukwa ndinali mmodzi mwa anthu amene anathandiza kukwirira mwini wake wa mawu.

Kumbukirani kuti kuno kwathu kunalibe wailesi ya kanema mpaka 1999. Mavidiyo tinkawaonera m'tinyumba ta mavidiyo sho, munthu akabwera ndi tepi yojambulitsa kunja. Tsiku limene ndinaonera nyimbo yawo yachiwiri, Get Up, m'kanyumba kena kotentha ngati uvuni, pa kanema panatulukira kamunthu kovala kapusi, jekete lalikulu ndi thalauzi lotaya, kakuimba ndi mawu omwe aja ndinkawadziwa bwino. Tonse m'chipindamo tinati ndi mnyamata. Tikanaganiza bwanji zina? Lamulo la 1973 loletsa akazi kuvala mathalauzi linali likugwirabe ntchito muno, ndipo linatha m'nthawi ya matipate. Maso athu anali asanaonepo mtsikana ataima chotero, miyendo atatangadza, dzanja likudula mphepo, osamwetulira kuti asangalatse aliyense. Choncho mnzanuyo ndikumumvetsa. Pa nyimbo yachiwiriyi, dzina la Ya Kid K linalembedwa poyera, ndipo nayonso inafika pa nambala 2 ku Britain, pa nambala 7 ku America.

Wina angafunse kuti anamubisiranji poyamba. Ine maganizo anga ndi akuti amalonda anayang'ana mtsikana wovala ngati mnyamata uja, n'kuona kuti sangagulitse chikuto, ndiye anakasaka nkhope imene ankaganiza kuti amuna angaime kuti aiyang'ane. Anaiwala kuti anthu sankavina chikuto. Felly sindimuimba mlandu kwenikweni. Nayenso anali mtsikana wolembedwa ganyu, ndipo bodza litaululika ndiye amene ananyamula manyazi, osati amene anakonza bodzalo.

FUNSO: Agogo, ndine wophunzira ndipo ndimakonda amapiano. Bambo anga amati zonsezi ndi house basi, ndipo akuti kale kunali oimba ochita rap pa house. Kodi house ndi hip hop si zinthu zosiyana? Zimakumana pati?
Mdzukulu wanu, Zomba

YANKHO: Mdzukulu wanga, bambo ako akunena zoona, uwamvere.

Yamba ndi ng'oma. Unamvapo amayi awiri akusinja pa mtondo umodzi, misi ikutsika mosinthana osalekeza, du, du, du, du? Imeneyo ndiye house. Ng'oma yaikulu imagunda pa sitepe iliyonse, kanayi kanayi, kawirikawiri maulendo 120 mpaka 128 pa mphindi. Inabadwira ku Chicago, ndipo dzina lake limagwirizanitsidwa ndi malo ovinira otchedwa Warehouse, kumene DJ Frankie Knuckles ankasewera kuyambira 1977. Achinyamata a kumeneko atapeza timakina ta ng'oma ta Roland, monga TR-808 ndi TR-909, anayamba kupanga nyimbo zawozawo m'zipinda zogona.

Hip hop ndi ya ku New York, dera la Bronx. Ambiri amawerengera chiyambi chake pa phwando limene DJ Kool Herc anasewera pa 11 Ogasiti 1973. Ng'oma yake sisinja, imayenda modukizadukiza: igunde pansi, isiye mpata, imenye pamwamba. Liwiro lake nthawi zambiri limakhala lotsikirapo kuposa la house. Mipata imeneyo ndi imene wochita rap amapumiramo ndi kupachikamo mawu ake.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ena anaganiza zoika rap pamwamba pa ng'oma yosinja ija, ndipo anazitcha hip house. Ku Chicago kunali Fast Eddie ndi Tyree Cooper, ku New York a Jungle Brothers anagwira ntchito ndi Todd Terry mu 1988. Anthu ena a hip hop ankazinyoza kuti ndi nyimbo za m'madisiko, zopanda uthenga. Koma yesa wekha. Tsegula biti ya 125, uyambe kulankhulapo mawu omveka kwa mphindi imodzi osapunthwa. Mpweya ukuthera pakati. Palibe mpata wobisalamo, ng'oma sikudikira munthu. Ndiye ukamvetsere mmene Ya Kid K amachitira: amadula mawu ake kukhala tizidutswa tifupitifupi, ena amawaponya ng'oma isanagunde, ena itangogunda, moti mawuwo amasanduka ng'oma yachiwiri. Ndiponso mawu ake ali ndi kamchenga kapakhosi, kamene kamadutsa m'phokoso la holo yodzaza. Ine ndinaona ndi maso anga masipika athu otsika mtengo akumeza mawu a oimba ena otchuka, koma ake ankatuluka bwinobwino mpaka kukhomo.

Ku Belgium kumene nyimbo ija inapangidwira kunalinso kalembedwe kawo kotchedwa new beat, kolemera ndi kodekha, kamene kanayamba pamene ma DJ ankasewera mbale pa liwiro lotsika kuposa loyenera. Jo Bogaert anachokera m'gulu limenelo. Ukamva besi yolemera ya Technotronic, gwero lake ndi limenelo.

Za amapiano akowo, mzere wake ndi wosavuta kuutsata. House itafika ku Johannesburg, achinyamata a m'makomboni anaichepetsa liwiro, naikapo mawu a zilankhulo zawo, n'kukhala kwaito m'zaka za m'ma 1990. Amapiano ndi mdzukulu wa banja lomwelo, ngati mmene iwe ulili kwa ine.

FUNSO: Bambo, ndimawerenga tsamba lanu kuno ku Joni. Ndimakumbukira mtsikana wa Technotronic wovala kapusi uja. Anathera kuti? Kodi anangoimba nyimbo imodzi basi?
Wowerenga wanu, Johannesburg

YANKHO: Ayi ndithu, bambo, si imodzi. Chaka cha 1990 chinali chake. Kuwonjezera pa nyimbo ziwiri ndatchula kale, gulu lawo linkatsegulira Madonna pa ulendo wake wa zoimbaimba wa chaka chimenecho, Ya Kid K ali kutsogolo kwa gululo pamodzi ndi mnzake wa rap, MC Eric. Anaimbanso ndi gulu la Hi Tek 3 nyimbo imene inalowa mu filimu ya ana ya Teenage Mutant Ninja Turtles.

Kenako anapatukana ndi Technotronic kuti akayese payekha, ndipo chimbale cha gululo cha 1991 chinatuluka ndi oimba ena. Mu 1992 anatulutsa chimbale chakechake, One World Nation, koma sichinayende ngati mmene zinayendera nyimbo za gulu lija. Chodabwitsa ndi chakuti chaka chomwecho kampani ya zodzoladzola ya Revlon inatenga nyimbo ya Move This, ya m'chimbale choyamba cha 1989, n'kuiika pa malonda ake a pa kanema. Nyimbo ya zaka zitatu inadzukanso n'kufika pa nambala 6 ku America, mawu ake ali a Ya Kid K yemweyo. Mu 1995 anabwereranso ku Technotronic pa chimbale chotchedwa Recall. Mng'ono wake, Karoline Kamosi, amene amadziwika kuti Leki, nayenso anadzakhala woimba komanso woulutsa mawu pa kanema ku Belgium.

Chimene ndimadandaula n'chakuti anthu akamatchula akazi amene anatsegula njira ya rap, dzina lake sililowamo kawirikawiri. A hip hop amamuona ngati wa disiko, a house amamuona ngati mlendo wa rap. Koma mundiuze mkazi wina wobadwira muno mu Africa amene rap yake inafika pa nambala 2 ku America mu 1990.

FUNSO: Malume, ndili ndi zaka 19. Mnyamata wina woimba anandiitana ku situdiyo kuti ndimuimbire kolasi. Mawu a kolasiyo ndinapeka ndekha pomwepo chifukwa ake sankakhala bwino. Anandipatsa ya minibasi, ndinathokoza. Pano nyimboyo ikumveka pa wailesi, vidiyo yatuluka, koma muvidiyomo muli mtsikana wina woyera khungu akuyendetsa milomo pa mawu anga. Dzina langa palibe paliponse. Nditamufunsa anandiyankha kuti ndisadere nkhawa, nthawi yanga idzakwana, ndipo ndikachita phokoso palibe situdiyo imene idzandiitanenso. Mayi anga akuti ndingozisiya m'manja mwa Mulungu. Ndichite chiyani?
Mwana wanu, Area 25, Lilongwe

YANKHO: Mwanangu, kalata yako ndaiwerenga katatu. Choyamba ndikuuze kuti sukulakwa kumva kuwawa. Waberedwa, ndipo kupatsidwa ya minibasi sikusintha zimenezo.

Mayi ako akukufunira zabwino, amaopa kuti ungadane ndi anthu. Uwalemekeze, pemphero lisasiyidwe. Koma Mulungu yemweyo anakupatsa pakamwa poimbira ndi pofunsira.

Ndikuuze za mayi wina wa ku America, Martha Wash. Mu 1990 mawu ake anali m'nyimbo zingapo za Black Box komanso m'nyimbo yaikulu ya gulu la C+C Music Factory, koma dzina lake silinalembedwe monga woimba wamkulu. Iye ndi mayi wathupi, ndipo m'mavidiyo anaikamo atsikana ochepa thupi kuti aziyendetsa milomo. Sanakhale chete. Anapita kukhoti, nkhanizo zinatha mokambirana, analipidwa ndipo dzina lake linalembedwa. Chaka chomwecho, mu Novembala, anyamata awiri a gulu la Milli Vanilli analandidwa mphoto yaikulu ya zoimbaimba ya Grammy zitadziwika kuti sanaimbe okha pa chimbale chawo. Kuyambira pamenepo makampani anayamba kuopa. Sikuti mitima yawo inasintha, koma panapezeka munthu wokana.

Tsono tamvera bwino apa, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yako. M'nyimbo muli maufulu osiyana. Pali wa amene anapeka mawu ndi kaimbidwe, palinso wa amene anaimba. Iwe uli nawo onse awiri, chifukwa kolasiyo unapeka wekha ndipo unaimba wekha. Manuela Kamosi anamubisa nkhope, anamubisa dzina lake la pa siteji, koma pa mbale ija, pamzere wa olemba nyimbo, m'tizilembo ting'onoting'ono timene ine sindinkatiwerenga n'komwe, dzina lakuti Kamosi linalipo. Mzere umenewo ndi umene amatsata potolera ndalama za wolemba nyimbo ikaseweredwa pa wailesi, mu filimu kapena pa malonda, ngakhale papite zaka 30. Vidiyo imakalamba, mzere uja sukalamba. Usalole kuti akusangalatse ndi lonjezo lokuika muvidiyo yotsatira pamene mzere umenewo uli wopanda dzina lako.

Usanalankhulenso ndi mnyamatayo, sonkhanitsa umboni. Mauthenga a pa WhatsApp amene anakuitanira, usafute ngakhale umodzi, uwajambule ndi kuwatumiza pa foni ya munthu wina amene umamukhulupirira. Ngati unadzijambula mawu pa foni poyeserera kolasiyo, sunga, tsiku lake limaoneka. Lemba papepala tsiku limene unapita ku situdiyo ndi anthu amene analipo. Wojambula nyimbo uja ali ndi mawu ako okhaokha pa kompyuta yake, opanda biti. Amenewo sanama, aliyense akawamva pambali pa mawu ako adziwa mwini wake.

Ukatero upite kukaonana nawo onse awiri, woimbayo ndi wojambulayo, koma usapite wekha. Tenga malume ako kapena munthu wamkulu wa kumpingo, wodekha, woti akakhala pampando anyamatawo achotse zipewa. Usakayambe ndi kukalipa. Ukapemphe zinthu zomveka: dzina lako lilembedwe pa mutu wa nyimbo paliponse pamene yaikidwa, pa YouTube ndi pena paliponse, ndipo pakhale pepala losainidwa losonyeza kuti ndani anapeka chiyani ndi gawo la aliyense. Kusintha mutu wa nyimbo pa intaneti ndi ntchito ya mphindi zochepa, asakuuze kuti n'zosatheka.

Avomere kapena akane, upite ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa zaluso, limene likulu lake lili mu Lilongwe momwemo. Lakhala likugwira ntchito kuyambira 1992, ndipo lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza wopeka komanso woimba. Ukafotokoze nkhani yako, ukafunse mmene ungalembetsere monga membala ndi mmene ungalembetsere gawo lako m'nyimboyo. Tenga chiphaso chako ndi umboni uja.

Za kukuopseza kuti palibe adzakuitanenso, ndakhala m'zoimbaimba kuyambira ndili wonyamula masipika, ndipo ndaona kuti situdiyo zimasaka mawu abwino usana ndi usiku. Nyimbo yakeyo ikumveka pa wailesi chifukwa cha kolasi, ndipo iye akudziwa zimenezo kuposa iwe, n'chifukwa chake akufuna ukhale chete. Ulendo wina ukaitanidwa kulikonse, pepala lisainidwe usanavale mahedifoni. Ukaimba kale, mphamvu yako yatsala m'kompyuta ya eni ake.

Mtsikana wa muvidiyo uja usalimbane naye, ndipo usamunyoze pa Facebook. Mwina nayenso anangopatsidwa ya minibasi.

Undilemberenso mwezi wamawa undiuze mmene zayendera. Unditumizirenso nyimboyo kudzera kwa akonzi a magazini ino. Ndikufuna ndiimve ndekha, ndipo ukandilola, dzina lako lonse ndidzalilemba pa tsamba lino m'zilembo zikuluzikulu.